Botolo la Thobwa Limene Ndinatumiza ku Kanengo

Eee, n'zoona, ndinalitumiza ndithu. Nanga wamuuza kuti ndi nthabwala ndani? Lemba choncho, mkazi mnzanga, umuyankhe mkulu wako wa ku tawuniyo kuti agogo akuti inde, botolo la thobwa linapita ku Kanengo kuti makina a kuntchito kwa bambo ake akalimvere, ndipo linabwerako. Koma asamangoseka ndi theka la nkhani. Gwira bwino foniyo, ulembe mmene ndikunenera, usandikonzere mawu. Ine sukulu ndinkangoiona denga podutsa popita kuchigayo.

Nthawi imeneyo agogo ako aamuna anali atatisiya kale, iwe uli kumsana kwa mayi ako. Ine ndinkaphika thobwa logulitsa pa msika wa pa Nsaru. Ndipo silinali thobwa lamasewera ayi. Chimera ndinkameretsa ndekha, cha mawere, kuchifunditsa masamba a nthochi mpaka chitulutse timizu toyera, kenako kuchiyanika, kukachigayitsa. Madzulo ndiphike phala la mgaiwa mumgolo, lizizire pang'ono poti chala chizilowa osapsa, ndithire chimera, ndivundule, ligone. M'mawa ndiliwiritsenso, likazizira ndiye m'mabotolo. Kale tinkagulitsa ndi chikho, munthu amwe pomwepo, apukute ndevu, azipita. Koma anthu a masiku ano safuna kuima. Wa kabaza akufuna kumwa akupalasa, wa muminibasi akufuna umuponyere pawindo. Ndiye tonse tinayamba mabotolo apulasitiki aja otsala anthu akamwa madzi ndi zakumwa za m'sitolo. Ndinkawatsuka ndi timiyala ndi sopo, kukhutchumula mpaka mkono kuwawa, n'kuwayanika chozondoka pathandala. Anga sankafika dzuwa la pamutu, anali atatha. Sindinkadziwa n'komwe kuti botolo logona limaoneka bwanji.

Usaiwale kulemba kuti ine ndine wa mpingo kuyambira ndili mtsikana. Ndinalowa kalasi ya kutchalitchi, ndinabatizidwa, ukwati wanga unadalitsidwa m'tchalitchi, bulauzi yoyera ya gulu la amayi ndinaivala mano onse akadali m'kamwa. Kumpingo kwathu thobwa n'lololedwa, abusa omwe amamwa. Koma mowa, iii! Kungomveka kuti wafulula, basi amakudula. Pa mgonero sukhalapo, bulauzi umapinda n'kuika m'sutikesi, dzina lako alitchule kutsogolo anthu onse akumva.

Tsopano za akamwini anga, bambo ake a mkulu wakoyo, bambo ako aakulu, amuna a mwana wanga wachisamba. Kwawo ndi ku Kasiya. Atakwatira anakhala pano pachikamwini zaka zingapo, akulima fodya ndi agogo ako, kenako anapeza ntchito ku fakitale ya zakumwa ku Kanengo, n'kumutenga mkazi wawo. Inu ana a lero mumadyera mbale imodzi ndi apongozi, kujambulitsa nawo mutagwirana m'khosi. Ife ayi. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana. Moni timapatsana wina atakhala uko, nkhope kwina. Ukakhala ndi mawu, umatuma mwana wako kuti akanene, ngakhale munthuyo ali poteropo. Mukakumana panjira, wina apatuke. Ndiye akamwini angawa mwambo umenewu anaugwira kuposa mmene ndinkafunira. Tsiku lina tinakumana pa kanjira ka kudimba, ine ndi ndowa pamutu. Iwo pothawa analowa m'chitedze. Anakanda mpaka madzulo, osadandaula. Ine ndinkawadziwa mawu, msana ndi kayendedwe. Nkhope ndinkangoiona mwa mbalimbali.

Za makinawo ndinazimva kuseri kwa mpanda. Anabwera pa Khirisimasi, atakhala pansi pa mango ndi alongo anga, ine ndili kuseri ndikuswa mtedza. Alongo angawo anali ofunsa ngati mwana. Akuti, "Kodi akamwini, mabotolo onse aja mumachita kulawa limodzilimodzi? Si mungaphulike mimba?"

Akamwini akuti, "Sitilawa ayi, timamvera."

"Kumvera? Botolo limayankhula?"

Ndiye anafotokoza. Akuti mabotolo amayenda okha palamba, atatsekedwa kale, ali ndondondo ngati ana pamzere wa katemera. Penapake pali kabokosi kachitsulo kamene kamaponya kaphokoso kosongoka kwambiri, koti khutu la munthu silikamva, koma mleme umakamva. Kaphokoso kaja kalowe m'botolo, kadutse m'chakumwamo, kabwerere. Chakumwa chikakhala bwino, kamabwerako pa nthawi yake. Koma shuga akachepa, kapena mpweya wathawa poti chitsekerero sichinagwire, kapena mwagwera kachidutswa kenakake, kamabwerako katasintha. Pamenepo kamkono kena kamalikankha botolo lija pambali, anzake azipita. Osatsegula, osanunkhiza. Ntchito yawo iwo inali kukhala pafupi ndi kabokosiko, kuona kuti kakumva bwino, ndi kutola okankhidwawo.

Ine ndinaleka kuswa mtedza. Madzulo ndinamufunsa mwana wanga kuti kodi amuna akowa sakuwanamiza malume ako? Iye akuti, "Amayi, ndi monga sikani ija ya kuchipatala. Paja ndili woyembekezera anandipaka mafuta ozizira pamimba, n'kumuona mwana atagona chopingasa, osanding'amba? Ndi kaphokoso komweko." Apo ndiye ndinamvetsa. Ndinati anthu awa afika patali. Ndipo ndinayamba kunyada nazo. Pamsika wina akati mwana wake ndi mphunzitsi, ine ndinkati akamwini anga amamvera mabotolo.

Chabwino. Unali mwezi wotentha uja anthu amathirira nazale za fodya. Tsiku la msika kunabwera bambo wina wa mudzi wa kutsidya kwa dambo, amene ankayambitsa nyimbo m'tchalitchi mwathu. Munthu wabwinobwino, wa mawu okoma, wamanyazi. Anagula mabotolo ambiri ndithu, akuti ndi a anthu omuthandiza kuthirira. Anawaika m'ngolo yake n'kupita. Ine kunyumba, n'kuiwala.

Lamulungu tili m'tchalitchi, abusa atchula nyimbo. Bambo uja aimirira, ayambitsa. Koma anaikweza, mwana iwe, ife amayi tinachita kuimira zala kuti tiifikire. Tamaliza ndime yoyamba, iye abwereza yomweyo. Tamaliza, abwerezanso. Kenako anayamba kuomba m'manja, kugwedeza mapewa, ife kwathu nyimbo za m'buku sitivinira. Abusa akweza dzanja kuti basi, iye akuyesa akumupatsa moni, naye akweza. Pomaliza anakakhala kumbali ya amayi, pakati pa ine ndi amayi busa, n'kugona tulo. Fungo lake, aliyense anadziwa.

Usaseke kwambiri, ulembe zolakwika.

Atamufunsa akulu a mpingo, iye analira. Akuti, "Ine mowa sindinaulawepo chibadwire. Ndinangomwa thobwa la amayi aja a pa Nsaru, mabotolo awiri, m'mimba mulibe kanthu." Nkhani inayenda ngati moto wa m'dambo. Akuti gogo uja amagulitsa mowa m'mabotolo a thobwa, n'chifukwa chake samachedwa kutha. Pakati pa sabata ndinaona akulu a mpingo awiri akulowa pabwalo panga, atavala majekete kukutentha chotere. Ndinawayalira mkeka, ndinawatungira thobwa monga ndinkachitira masiku onse. Anayang'anana. Akuti, "Zikomo amayi, tangodya kumene." Anthu amene ankamwa zikho ziwiriziwiri! Pamenepo ndinadziwa kuti zavuta. Anandiuza kuti ndikaonekere kubwalo la mpingo Loweruka la sabata inayo, chifukwa mgonero unali pafupi, ndipo nkhani yanga iyenera kutha usanafike.

Mkazi mnzanga, iwe sungamve mmene ndinamvera. Si za malonda ayi. Ine ndinali nditakula kale, amuna anga ali kumanda. Munthu wodulidwa akamwalira asanabwezedwe, amayi anzake savala zoyera pamaliro ake, nyimbo zimachita kuperewera, amakuika ngati akubisa chinthu. Ndinkaganiza kuti ndikagwa mawa, ana anga adzandiperekeza mwamanyazi chifukwa cha mowa umene sindinafulule. Chakudya chinkandikanika.

Ndiye ndinakumbukira kuti pa tsiku la msika lija ndinasiya botolo limodzi m'nyumba, loti ndimwe pobwera, koma ndinaliiwala kuseri kwa mtsuko. La mumgolo womwewo. Ndinati, Mulungu ndi wamkulu, mboni yanga ndi iyi. Akamwini akaliika palamba, kaphokoso kaja kakalowa, kakanena poyera kuti muno muli thobwa.

Tamvera maganizo anga, kuti mkulu wakoyo asati agogo anali opusa. Thobwa likakhalitsa mumphika limasasa, aliyense amadziwa. Koma ine ndinkati chimene chimalisasitsa ndi mphepo, poti mphika ndi woyasama. Nanga zakumwa za m'sitolo sizikhala miyezi pashelefu, zili zotseka, osasintha? Ndiye ndinati ndikalitseka kwambiri, likhala mmene linalili tsiku la msika. Ndinagwira chitsekerero ndi nsalu, kupotokola mpaka mano kuluma. Ndinalikulunga m'chitenje, n'kulipachika m'mwamba pansi pa malata, kuti adzukulu angalimwe. Malata a mwezi umenewo, iwe! Linakhala pamenepo mpaka ndinapeza mayi wina wopita ndi tomato ku tawuni pa lole. Ndinamuuza kuti, "Ulisunge pamiyendo, usalitsegule, ukalipereke m'manja mwa mwana wanga. Ukamuuze kuti amuna ake akaliike pa makina, abwere ndi yankho."

Patapita masiku mwana wanga anaimba foni. Akuti, "Amayi, botolo lafika. Amuna anga akuti abwera okha Loweruka kudzafotokoza."

Ine, "Nanga makina ati chiyani?"

Akuti, "Musadandaule amayi, tidzakambirana."

Ine ndinamva kuti musadandaule basi. Ndinauza mudzi wonse. Kuchitsime, kuchigayo, kumaliro, ndinkati dikirani Loweruka, makina a ku Kanengo andiyeretsa. Ndinachapa bulauzi yanga n'kuisita.

Loweruka m'mawa anafika. Akamwini atanyamula ndowa yovundikira, akuyenda pang'onopang'ono ngati muli mazira. Anakakhala pansi pa mango, msana kwa ine, ndowa pambali. Ine pakhonde. Tinalonjerana mmene timachitira. Ndiye ndinaona aitana mkazi wawo, anong'onezana naye kwa nthawi ndithu, dzanja likuloza ndowa. Mwana wanga anabwera, n'kugwada pafupi nane. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana bulauzi yositayo ili pachingwe. Akuti, "Akuti mwadzuka bwanji, miyendo ija ikuwawabe?"

Ndinati, "Si tapatsana kale moni? Kawafunse za makina."

Anapita, ananong'onezananso, akamwini akupukusa mutu. Anabwerera. Akuti, "Akuti tiyeni tizipita, tingachedwe."

Pambuyo pake ndi pamene ndinadziwa kuti akamwini ankamutuma kuti andiuze zoona tisanachoke, ndikonzekere mtima. Koma mwanayu ndi wamantha kuyambira ali wamng'ono, sankatha kundiuza ngakhale kuti waswa mbale. Ndipo iwo sakanatha kudzuka n'kubwera pakhonde kudzandiuza okha. Anatsokomola kangapo, ine ndinkayesa ndi fumbi la mumsewu. Tinanyamuka, ine patsogolo ngati ndikupita kukalandira mphatso, iwo kumbuyo kutali ndi ndowa yawo.

Bwalo linali m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Ndinalowa ndi mwana wanga, akamwini anatsala panja. Munali abusa, anali achinyamata ndithu, ochokera ku sukulu kumene. Munali akulu a mpingo, amayi awiri a m'gulu lathu, ndi bambo woyambitsa nyimbo uja, chipewa pamaondo, maso pansi. Iye ananena zake zomwe zija. Ine ndinanena kuti thobwa langa linali lokoma, theka la anthu a muno munalimwapo. Kenako ndinati, "Ndili ndi mboni yochokera ku Kanengo."

Akamwini analowa. Kachipindako kanali kakang'ono, kothawira kunalibe. Anatenga mpando, anautembenuza, n'kukhala moyang'ana khoma.

Abusa akuti, "Bambo, tayang'anani kuno, bwalo lili mbali ino."

Iwo akuti, "Pepani abusa, muli apongozi anga muno."

Akulu a mpingo anaseka, wina akuti, "Asiyeni abusa, awa ndi oleredwa." Ndiye umboni wonse anaupereka kukhoma.

Akuti, "Choyamba, botololi sindinaliike pa makina. Makinawo si anga, ndipo palamba paja sipaloledwa chinthu chochokera kunja, chingaipitse zakumwa za anthu. Komanso kabokosi kaja anakaphunzitsa zakumwa zathu zosefa. Thobwa ndi lolimba, kaphokoso kangangosochera m'timisere ta chimera."

Mtima wanga unati phaa. Ndinamuyang'ana mwana wanga, iye akuyang'ana zala zake.

Akuti, "Koma ili silikufunanso makina. Tagwirani." Anavundukula ndowa. Munali madzi, botolo langa lili m'kati. Mkazi mnzanga, silinali botolo lija ndinatumiza. Linali litatupa ngati chule, pansi pake patatulukira kunja moti silikanaima. Abusa analidina ndi chala, silinalowe. Akamwini akuti, "Sindinganame pamaso pa mpingo. Zimene zili m'botolomu lero ndi mowa."

Ndinaona chipinda chikuzungulira. Mboni yanga, yoitana ndekha, yokwera minibasi kuchokera ku Kanengo! Ndinamugwira mwana wanga pamkono, ndinati, "Afunse amuna ako kuti ndinawalakwira chiyani. Munda ndinawapatsa, mwana ndinawapatsa."

Iwo anamva, nanga si tinali pafupi. Ndinaona khosi lawo likutuluka thukuta. Akuti, "Uwauze amayi andilole ndimalize."

Koma asanamalize, mkulu wa mpingo wina, wokhwimitsa zinthu kwambiri, wamtali, anali atalitenga kale botolo. Akuti, "Tinunkhize tokha." Akamwini akuti, "Musatsegulire muno!" Mochedwa. Chitsekerero chinakamenya malata, phoo! Thobwa linauluka ngati mpope woboola. Mkulu uja ndevu zonse, jekete lonse. Abusa kolala yoyera ija inasanduka yofiirira. Amayi awiri aja anathawira pakhomo akukuwa. Ndipo fungo, iii, tchalitchi chonse ngati pamalo a masese. Munthu mmodzi yekha amene sananyowe kumaso anali akamwini, poti anali atayang'ana khoma.

Anthu atadzipukuta, abusa akuti, "Bambo, malizani, tisanaledzere tonse."

Ndiye akamwini anayankhula. Akuti, "Kuntchito kwathu sititenga botolo limene lazungulira dziko padzuwa kuti litiuze mmene linalili tsiku lothiridwa. Timamvera lililonse pa nthawi yake, likamadutsa. Ndipo chakumwa cha m'sitolo chimakhalitsa chifukwa tinachikonza kuti chisagwirenso ntchito m'kati, ndi chogona. Thobwa ndi lamoyo. Mukalitsekera silileka, limapitiriza m'katimo, makamaka likafundidwa. Ili lakhala pansi pa malata, lakwera lole, lagona kwathu. Likunena za lero, silikunena za tsiku la msika. Ine ndikanapempha bwalo liwafunse bambo awa kuti anagula liti, anamwa liti, ndipo mabotolowo anali kuti."

Abusa anamufunsa bambo uja. Iye akupotokola chipewa, akuti anagula tsiku la msika, ena anamwa anthu ake tsiku lomwelo, osaledzera. Mabotolo awiri anatsalira m'ngolo, pansi pa thumba, ngolo ili padzuwa. Anawapeza Lamulungu m'mawa. Akuti, "Linali lowawasa pang'ono, koma ndinati kutaya chakudya ndi tchimo."

Ine ndinayamba kupuma. Koma mkulu wamtali uja, akufinya ndevu zake, akuti, "Awa ndi mawu a mkamwini, ndipo mkamwini aliyense amaikira kumbuyo apongozi ake. Ife chimene taona ndi maso, ndi kununkhiza, ndi kusamba, ndi mowa."

Apo mmodzi wa amayi aja, mnzanga amene tinavinidwa limodzi tisanalowe kalasi, anati, "Nanga bwanji tichite monga akuchitira ku Kanengoko? Aphike lina ife tikuona, kuyambira chimera mpaka m'botolo. Mabotolo tiwatsekere m'kabati ya muno, kiyi kwa abusa. M'mawa uliwonse titsegule limodzi, tilimve pa tsiku lake."

Onse anavomera. Koma panabuka nkhani ina. Mkulu wina akuti, "Chabwino, loyamba tilawa tonse. Nanga likadzafika posanduka, wolawayo ndani? Si ndiye kuti mkulu wa mpingo wamwa mowa m'tchalitchi? Timudulanso?" Anakangana nthawi yaitali, ena akutsegula mabuku. Pomaliza abusa anayang'ana bambo wa nyimbo uja. Akuti, "Awa mlandu ali nawo kale, ndipo ndi okhawo amene akudziwa kakomedwe kake. Adzalawa ndi iwowa."

Madzulo omwewo tinayatsa moto. Amayi awiri aja anakhala pamkeka akuyang'ana chilichonse cholowa mumgolo, mpaka kununkhiza mthiko. Ine ndinali ndisanakhululuke ayi. Ndinkaphika nditatupa ngati botolo lomwe lija. Koma ndinkangoona nkhuni zikuunjikana pafupi ndi moto. Ndikatembenuka, zawonjezeka. Akamwini anali kuseri kwa khola akuwaza chitsa cha mthethe chimene chinakanika amuna onse a pano, akumutuma mkazi wawo kuti azibweretsa. Anawaza mpaka manja matuza. M'mawa mwake anatunga madzi onse otsukira mabotolo, n'kukwera minibasi kubwerera kuntchito, osadya n'komwe.

Tsiku loyamba tinatsegula, lokoma ngati uchi. Amayi busa anapempha kapu yachiwiri, akuti ya umboni. Mawa lake linali bwinobe, kungoluma pang'ono palilime. Kenako linayamba kuti tsii potsegula, akulu a mpingo n'kumabwerera m'mbuyo. Mkulu wamtali uja anafika pomaimirira panja, kumayang'anira pawindo. Pofika kumapeto a sabata, mabotolo otsala anali atatupa, abusa akuopa kutsegula kabati. Tinakatsegulira limodzi panja, moloza kumunda. Anamuthirira bambo wa nyimbo pang'ono m'kapu. Ananunkhiza, analawa, anatseka maso. Akuti, "Ndi lomweli, abusa." Anafuna kumalizitsa, abusa anamulanda kapu.

Bwalo linagamula kuti ine ndilibe mlandu. Anangondiuza kuti aliyense wogula ndizimuuza kuti amwe tsiku lomwelo, ndipo ndisamatseke kwambiri. Mpaka ndinasiya malonda chifukwa cha miyendoyi, ndinkati ndikapereka botolo, "Lalero ili, mawa si langa." Anthu a pa Nsaru anafika pomandiitana choncho. Bambo wa nyimbo anamupumitsa kuyambitsa kwa miyezi ingapo, koma sanamudule, poti nayenso sanadziwe. Ndinamumvera chisoni. Nyimbo nthawi imeneyo ankayambitsa mkulu wamtali uja, ndipo tonse tinapemphera kuti miyeziyo ithe msanga.

Lamulungu la mgonero ndinavala bulauzi yanga, duku loyera, n'kukakhala pamalo panga pa masiku onse. Mbale itafika kwa ine, mnzanga uja anandigwira chigongono. Ndinadya, ndinamwa. Misozi inatsika yokha, sindinaipukute. Nditadzutsa mutu ndinaona kumbali ya abambo, kumbuyo kwenikweni, msana wa jekete umene ndinkaudziwa. Anali atabwera osandiuza, kudzaona ngati zathadi.

Titafika kunyumba ndinagwira tambala wanga wamkulu, amene ndinkasungira Khirisimasi. Ndinaphika ndekha. Mwana wanga anabwera kuti anyamule akapereke monga mwa nthawi zonse. Ndinati, "Choka, iwe mawu umawataya panjira, ungatayenso nkhuku." Ndinanyamula ndekha mpaka pansi pa mango. Akamwini atamva mapazi kuti si a mkazi wawo, anafuna kudzuka. Ndinati, "Khalani, bambo." Ndinazungulira, n'kukagwada kutsogolo kwawo. Ndinati, "Munandiuza zowawa pamaso pa anthu, koma mukananama bwenzi lero ndili kunja. Kuyambira lero, mukakhala ndi mawu muzindiuza nokha. Ndinu mwana wanga."

Anayang'ana mbale, anayang'ana nsapato zawo, anayang'ana kumwamba m'mango. Kenako anandiyang'ana, n'kuseka mwamanyazi. Akuti, "Zikomo amayi." Mkazi mnzanga, zaka zonsezo ine osadziwa kuti munthuyu ali ndi kampata pamano apatsogolo. Kampata kamene kali pa mkulu wakoyo, kamene ndinkauza anthu kuti anatengera kwa amayi anga! Umuuze kuti ndabweza, si ka kwathu, n'ka ku Kasiya.

Wamaliza? Usandiwerengere, ndingayambe kuwonjezera. Kwera pachulupo pamene foni imagwira bwino, utumize tsopano.